Tinjere Topha Mabakiteriya Tikawombedwa ndi Dzuwa: Zimene Kafukufuku Wapeza ndi Zimene Zatsala

Utoto woyera umene timapaka m'zipupa za mawodi, mankhwala ena otsukira mano, ndiponso mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa, onga amene anthu achialubino amadzola, nthawi zambiri zimakhala ndi ufa woyera wotchedwa titanium dioxide kapena mnzake zinc oxide. Kwa zaka zambiri ntchito yaikulu ya titanium dioxide inali kuyeretsa maonekedwe a zinthu. Kenaka akatswiri anapeza kuti ufa womwewu, ukapangidwa kukhala tinjere tating'ono kwambiri n'kuwombedwa ndi cheza cha dzuwa, umapha mabakiteriya amene akhudzana nawo. Lero pali makampani amene akugulitsa matailosi, utoto, magalasi ndi zosefera madzi zimene amati zimadziyeretsa zokha pogwiritsa ntchito njirayi.

Nkhani ino ikufotokoza mmene tinjere timeneti timaphera mabakiteriya, zimene zatsimikizika mu labotale, zimene zinaoneka pamene njirayi inayesedwa m'zipatala zenizeni, ndi mafunso amene wazaumoyo ayenera kufunsa wina akabwera ndi katundu wotere pachipatala kapena m'mudzi.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Pali mavuto awiri amene akuchititsa asayansi kufunafuna njira zatsopano zophera tizilombo kunja kwa thupi la munthu, ndipo onse awiri timawadziwa bwino kuno kwathu.

Loyamba ndi madzi akumwa. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unafika m'maboma onse a dziko lino. Aliyense amene anagwirako ntchito m'misasa ya odwala kolera akukumbukira kuti klorini akatha kapena akachedwa kufika, banja limabwerera kukamwa madzi omwe aja a pachitsime chosatetezedwa.

Lachiwiri ndi mabakiteriya osamva mankhwala. Kafukufuku wapadziko lonse wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya otere, ndipo Africa wa kumwera kwa Sahara ndiye anakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella a mtundu wa ESBL, amene samva mankhwala onga ceftriaxone, anachoka pa 12 pa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 pa 100 alionse mu 2016. A E. coli a mtundu womwewo anachoka pa ochepera mmodzi kufika pa 30 pa 100 alionse. Mankhwala ochiza akamachepa mphamvu chonchi, kupha tizilombo tisanalowe m'thupi la wodwala kumakhala kofunika kuposa kale.

Dzuwa tili nalo lambiri ndipo siligulidwa. N'chifukwa chake njira iliyonse yoligwiritsa ntchito popha tizilombo iyenera kuunikidwa bwino, mopanda kuinyoza komanso mopanda kuikweza kuposa pamene yafika.

Kodi tinjere timeneti n'chiyani?

Chitsulo chikaphatikana ndi mpweya wa okosijeni chimapanga chinthu chimene asayansi amachitcha metal oxide. Dzimbiri la pa khasu ndi chitsanzo chimene tonse tinachionapo. Titanium dioxide ndi chitsulo cha titanium chophatikana ndi okosijeni, ndipo zinc oxide ndi zinc wophatikana ndi okosijeni. Ziwirizi ndizo zafufuzidwa kwambiri pa ntchito yopha mabakiteriya ndi kuwala.

Mawu akuti nanoparticle amatanthauza kanjere kamene kukula kwake kuli pakati pa nanomita 1 ndi 100. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi ndicho nanomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi nanomita 80,000. Bakiteriya wa E. coli ndi wotalika pafupifupi nanomita 2,000. Ufa wa titanium dioxide wotchedwa P25, umene ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito, tinjere take ndi ta nanomita pafupifupi 21. Choncho pa bakiteriya mmodzi pakhoza kumamatira tinjere tambirimbiri.

Kuchepa kumeneku n'kofunika chifukwa ntchito yonse imachitikira pamwamba pa kanjere, osati mkati mwake. Mchere wosinja umasungunuka msanga m'ndiwo kuposa wamibulu chifukwa madzi amaukhudza mbali zambiri. N'chimodzimodzi pano. Mutati muyale pamwamba pa tinjere tonse ta mu galamu imodzi ya P25, mukhoza kukuta malo okwana pafupifupi masikweya mita 50, ngati chipinda cha mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi.

Titanium dioxide amapezeka m'mitundu ingapo malinga ndi mmene maatomu ake anayalirana. Iwiri yodziwika kwambiri ndi anatase ndi rutile. Anatase ndiye amagwira bwino ntchito yopha tizilombo. Rutile ndi dzina limene ambiri talimva chifukwa cha mgodi umene ukukonzedwa ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kumene kunapezeka rutile wambiri m'nthaka. Mchenga wa rutile wokumbidwa pansi sungathiridwe m'madzi kuti uphe tizilombo. Umafunika kuyengedwa ndi kukonzedwa m'fakitale kuti pakhale tinjere ta mtundu ndi kukula koyenera.

Mmene kuwala kumaphera bakiteriya

Mu kanjere ka titanium dioxide muli maelekitironi, tinthu tonyamula mphamvu ya magetsi, amene amakhala phee pamalo awo. Cheza chokhala ndi mphamvu yokwanira chikawomba kanjereko, elekitironi imodzi imadumpha kuchoka pamalo pake n'kusiya mpata. Tsopano pali zinthu ziwiri zosakhazikika: elekitironi yomasuka ndi mpata umene ukufuna kudzazidwa. Nthawi zambiri ziwirizi zimakumananso mwamsanga, mphamvu ija n'kungotayika ngati kutentha. Koma zina zimafika pamwamba pa kanjere, ndipo apa ndi pamene ntchito imagwirika.

Mpata uja umalanda elekitironi ku madzi amene ali pamwamba pa kanjereko, n'kupanga kanthu kolusa kwambiri kotchedwa hydroxyl radical. Elekitironi yomasuka ija imalowa mu okosijeni n'kupanga superoxide, amene pambuyo pake akhoza kusanduka hydrogen peroxide. Zinthu zitatuzi pamodzi zimatchedwa ROS. Kwa azaumoyo si zachilendo. Hydrogen peroxide ndi yemwe uja amachita thovu akathiridwa pabala, ndipo maselo oyera a m'magazi athu amapanga ROS pofuna kupha mabakiteriya amene awameza.

ROS akakhudza bakiteriya amayamba ndi kuwononga khungu lake lakunja. Mafuta amene amapanga khungulo amaphwanyika, khungu limabooka, ndipo zamkati, monga potaziyamu, zimayamba kutayikira kunja. Bakiteriya amalephera kupuma ndi kupanga mphamvu. Kuwala kukapitirira, ROS amafika mkati n'kuwononga mapuloteni ndi DNA, ndipo pamapeto pake ngakhale zotsalira za bakiteriyayo zimaphwanyika.

Kanjere kaja sikatha pa ntchitoyi. Kali ngati nkhoswe, imene imalunzanitsa banja koma yokha imabwerera kwawo ili chimodzimodzi, yokonzeka kukathandiza ena. Ndicho chifukwa chake njirayi imatchedwa photocatalysis, kutanthauza kufulumizitsa ntchito pogwiritsa ntchito kuwala. Klorini amatha ndipo amafuna kugulanso, pamene titanium dioxide akhoza kugwira ntchito kwa nthawi yaitali malinga ngati pamwamba pake sipanakutidwe ndi litsiro.

Pali mfundo zitatu zochokera m'kafotokozedweka zimene zimalamulira china chilichonse m'nkhaniyi. Yoyamba, popanda kuwala koyenera ROS sapangidwa. Yachiwiri, pamafunika chinyezi ndi okosijeni. Yachitatu, hydroxyl radical amakhala kwa kachigawo kakang'ono zedi ka sekondi ndipo sayenda mtunda, choncho bakiteriya ayenera kukhudzana ndi kanjereko kapena kukhala pafupi nako kwambiri.

Zinc oxide amagwira ntchito mofananamo, koma ali ndi khalidwe lina. Amasungunuka pang'onopang'ono n'kutulutsa zinc m'madzi, ndipo zinc ameneyu amavulaza mabakiteriya ngakhale mumdima. Ubwino wake ndi umenewo, koma kuipa kwake n'kwakuti tinjere timatha, makamaka m'madzi a asidi. Zinc ameneyu tisamusokoneze ndi mapiritsi a zinc amene timapatsa ana otsegula m'mimba pamodzi ndi Thanzi ORS. Amenewo ndi mankhwala akumwa oyesedwa muyezo wake, ndipo ntchito yawo ndi ina.

Kumene nzeruyi inachokera

Zoti dzuwa limapha tizilombo zinadziwika kale. Mu 1877 Arthur Downes ndi Thomas Blunt a ku England anasonyeza kuti kuwala kwa dzuwa kumaletsa mabakiteriya kuswana. Mu 1903 dokotala Niels Finsen wa ku Denmark analandira mphoto ya Nobel chifukwa chochiza TB ya pakhungu ndi kuwala.

Mbali ya titanium dioxide inayambira ku Japan. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda analemba m'magazini ya Nature kuti titanium dioxide wowombedwa ndi cheza cha UV amatha kugawa madzi kukhala okosijeni ndi haidirojeni. Cholinga chawo chinali pa nkhani ya mphamvu, osati zaumoyo. Mu 1985 Tadashi Matsunaga ndi anzake anasonyeza kuti ufa wa titanium dioxide wosakaniza ndi platinamu umapha E. coli, Lactobacillus acidophilus ndi yisiti mu ola limodzi kapena awiri pansi pa nyale yamphamvu. Kuchokera apo ofufuza ambiri ayesa njirayi pa mabakiteriya osiyanasiyana, mavairasi ndi nkhungu. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya TOTO ya ku Japan inayamba kupanga matailosi okutidwa ndi titanium dioxide, ndipo mu 2001 kampani ya Pilkington ya ku Britain inatulutsa galasi la mawindo lodziyeretsa lokha.

Vuto la kuwala

Titanium dioxide wamba amadzutsidwa ndi cheza cha UV chokha, chimene maso athu sachiona. Pa mphamvu yonse ya dzuwa imene imafika pansi, UV ndi pafupifupi magawo 5 pa 100. Panja masana chimenechi chimakwanira. M'nyumba ndi nkhani ina. Mababu a LED amene afala masiku ano satulutsa UV wokwanira kutchulidwa, ndipo machubu a fluorescent amatulutsa wochepa kwambiri. Wodi imene mawindo ake ndi aang'ono, kapena kunsi kwa bedi, kapena usiku magetsi atazima, tinjere timeneti timangokhala ngati utoto wamba.

Pofuna kuthana ndi vutoli, asayansi amasakaniza tinjereti ndi zinthu zina. Mu 2001 Ryoji Asahi ndi anzake a ku labotale ya Toyota analemba m'magazini ya Science kuti kulowetsa naitirojeni mu titanium dioxide kumachititsa kuti agwire ntchito ndi kuwala kooneka ndi maso. Ena amawonjezera mkuwa kapena siliva. Zitsulo ziwirizi zimathandiza kuti elekitironi ndi mpata uja zisakumanenso msanga, komanso pazokha zimapha mabakiteriya ngakhale kulibe kuwala. Tinjere totere timathandiza m'nyumba, ngakhale kuti kawirikawiri mphamvu yake pansi pa babu siifika pa imene titanium dioxide amaonetsa pansi pa UV, ndipo mtengo wake umakwera.

Pa madzi akumwa

Njira yoyeretsa madzi ndi dzuwa yotchedwa SODIS ambiri a inu munaiphunzirapo. Inayamba ndi ntchito ya Aftim Acra ku Beirut m'zaka za m'ma 1980, ndipo inakonzedwa bwino ndi bungwe la Eawag la ku Switzerland. Madzi amathiridwa m'botolo loonekera mkati la pulasitiki wa PET losaposa malita 2, n'kuligoneka padzuwa kwa maola 6, kapena masiku awiri otsatizana ngati kuli mitambo yambiri. Madziwo ayenera kukhala osavunduka, ochepera 30 NTU pa muyezo wa kuvunduka kwa madzi. Cheza cha UV ndi kutentha zimathandizana kupha tizilombo. Kuno kwathu, pulojekiti ya WATERSPOUTT, imene inathandizidwa ndi European Union kuyambira 2016, inayesa ndowa zoonekera mkati za malita 20 m'boma la Chikwawa, pofuna kuthetsa dandaulo lakuti mabotolo ang'onoang'ono sakwanira banja.

Zofooka za SODIS ndi zodziwika: imatenga nthawi yaitali, ndipo mabakiteriya amene angovulala osafa akhoza kudzikonza n'kuyambanso kuswana madzi akasungidwa mumdima. Apa ndi pamene ofufuza anaganiza zowonjezera titanium dioxide. Kafukufuku wina wa ku Mexico, wofalitsidwa mu 2006, anaika tizidutswa ta galasi tokutidwa ndi titanium dioxide m'mabotolo a SODIS. Mabakiteriya ochokera m'chimbudzi anafa msanga kuposa m'mabotolo opanda kanthu, ndipo sanabwererenso m'masiku otsatira monga anachitira m'mabotolo enawo. Ku Plataforma Solar de Almería ku Spain, akatswiri akhala akuyesa kwa zaka zambiri machubu a galasi okhala ndi zowalitsira kumbuyo kwake, oyeretsa madzi ochuluka nthawi imodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani njirayi sinafike m'midzi mpaka lero? Zifukwa zake n'zingapo.

Tinjere timapha bwino kwambiri tikamwazikana m'madzi ngati ufa, chifukwa bakiteriya aliyense amakumana nato. Koma madzi otero sangamwedwe mpaka ufawo utachotsedwa, ndipo tinjere ta nanomita 21 sitingasefedwe ndi nsalu. Tikamatidwa pa galasi kapena pa khoma la botolo vuto losefa limatha, koma mphamvu imatsika chifukwa mabakiteriya ambiri amayandama kutali ndi khomalo. Pamafunikanso kutsimikiza kuti zomatidwazo sizikusupukira m'madzi pakapita miyezi.

Chachiwiri, madzi a mu labotale ndi osiyana ndi a mumtsinje. ROS sasankha. Amalimbana ndi chilichonse chimene akumana nacho, kaya ndi zotsalira za masamba owola, ndowe kapena bakiteriya. Madzi akakhala ndi litsiro lambiri, mphamvu yambiri imathera pa litsirolo. Matope amatchinga kuwala. Michere ina yosungunuka m'madzi, monga bicarbonate, imafooketsa hydroxyl radical, ndipo iyi ndi nkhani yofunika kumadera onga kuchigwa cha Shire kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa ife, madzi oyeretsedwa ndi kuwala sakhala ndi chitetezo chotsalira. Madzi othira klorini moyenera amatsala ndi klorini wokwana mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita, amene amapitiriza kupha tizilombo tolowa pambuyo pake. Tikudziwa kuti madzi ambiri amaipitsidwa kunyumba, mwana akapisa kapu kapena dzanja mumtsuko. Madzi oyeretsedwa ndi titanium dioxide akalowa mumtsuko woterowo amaipa ngati ena alionse.

Sikutinso tizilombo tonse timafa mofanana. E. coli ndi Vibrio cholerae safuna nthawi yaitali padzuwa. Mabakiteriya opanga njere zolimba zotchedwa spores, monga a Bacillus ndi Clostridium, amapirira kwambiri. Cryptosporidium, amene amatsegula m'mimba ana ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika, nayenso ndi wolimba, ngakhale kuti ameneyu ndi wovuta ngakhale kwa klorini.

M'zipatala

Ganizo lopaka tinjereti pa zitseko, matebulo, zitsulo za mabedi ndi zipupa ndi lokopa. Pakati pa kukolopa kwa mmawa ndi kwa madzulo, manja ambiri amagwira malo amenewa. Patakhala chinthu chopha tizilombo mosalekeza, matenda otengera m'chipatala akhoza kuchepa.

Mu labotale, mabakiteriya osamva mankhwala monga MRSA ndi E. coli wa ESBL amafa pa titanium dioxide mofanana ndi anzawo omva mankhwala. Chifukwa chake n'chomveka. Mankhwala onga amoxicillin kapena ciprofloxacin amamenya malo amodzi m'bakiteriya, ndipo bakiteriya akasintha malo amenewo wapulumuka. ROS amamenya khungu, mapuloteni ndi DNA nthawi imodzi, choncho n'kovuta kuti kusintha kumodzi kumuteteze. Komabe mabakiteriya ali ndi zida zawo, monga catalase ndi superoxide dismutase, zimene zimaphwanya ROS akakhala ochepa. Akamanga ndere zoterera zotchedwa biofilm, monga zimene zimapezeka m'masinki ndi m'mapaipi, a pamwamba amatchinjiriza a pansi.

Zotsatira za m'mawodi enieni n'zosakanikirana. Malo ena apeza kuti mabakiteriya a pamwamba pa zinthu anachepa. Koma kafukufuku wotchedwa TITANIC, amene anachitika m'zipinda za odwala mwakayakaya ku Netherlands ndipo anafalitsidwa mu 2018, sanapeze kusintha kwenikweni atapaka titanium dioxide m'zipindazo. Mu labotale dontho la mabakiteriya limaikidwa pa galasi loyera, lachinyezi, pansi pa nyale ya UV yoyesedwa mphamvu yake. Muwodi pamakhala fumbi, mafuta a m'manja, magazi ouma ndi kuwala kochepa. Bakiteriya wokhala pamwamba pa dontho la magazi sakhudzana ndi tinjere tili pansi pake.

Tiyeneranso kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kuchepa kwa mabakiteriya pa tebulo ndi kwina, ndipo kuchepa kwa odwala otenga matenda ndi kwina. Chachiwirichi ndicho chimene chipatala chimafuna, ndipo ndicho muyezo woyenera kuweruzira katundu aliyense wotere.

Tinjereti si mankhwala akumwa kapena obaya. Cheza cha UV sichilowa mkati mwa thupi, ndipo ROS amawononga maselo a munthu monga amawonongera a bakiteriya. Wodwala chibayo kapena matenda a m'magazi amafunikabe mankhwala oyenera.

Kodi n'totetezeka?

Yankho limadalira njira imene tinjereto talowera m'thupi.

Popuma: mu 2006 bungwe la IARC, limene lili pansi pa WHO, linaika titanium dioxide m'gulu 2B, la zinthu zimene mwina zikhoza kuyambitsa khansa, potengera makoswe amene anapumira fumbi lake lambiri kwa nthawi yaitali. Amene ali pachiopsezo ndi ogwira ntchito ndi ufa wouma kapena opopera. Ngati kampani ikupopera zinthu zotere m'chipatala, m'chipindamo musakhale odwala, ndipo opoperawo avale zotchinga kupuma zoyenera.

Pomeza: mu 2021 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linanena kuti silingatsimikizenso kuti titanium dioxide woikidwa m'zakudya, wodziwika ndi nambala E171, ndi wotetezeka, chifukwa nkhawa yoti akhoza kuwononga DNA sinathetsedwe. European Union inamuletsa m'zakudya mu 2022, ngakhale kuti mayiko ena, monga United States, akumulolabe. Kwa ife phunziro ndi lakuti chipangizo chilichonse choyeretsera madzi akumwa chiyenera kusonyeza kuti tinjere sititayikira m'madzimo.

Pakhungu: apa tisamale kwambiri ndi uthenga wathu. Tinjere ta m'mafuta oteteza ku dzuwa timakutidwa dala ndi zinthu monga silica kapena alumina kuti tisapange ROS, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti sitidutsa khungu lopanda bala. Ntchito yake ndi kutchinga cheza cha UV. Kwa munthu wachialubino, khansa yapakhungu ndi chiopsezo chenicheni cha moyo. Munthu wotere asasiye kudzola mafuta ake chifukwa chomva nkhani ya ku Ulaya yokhudza zakudya.

Pachilengedwe: tinjere totayikira m'mitsinje ndi m'nyanja tikhoza kuvulaza ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Zinc oxide ndiye woopsa kwambiri pa zimenezi chifukwa amasungunuka.

Mmene mungawerengere zimene ogulitsa amalemba

Pa katundu wotere kawirikawiri pamalembedwa kuti amapha tizilombo 99.9 pa 100 tilitonse. Chiwerengerochi chimamveka ngati chachikulu, koma tiyeni tichiwerengere. Ngati panali mabakiteriya 1,000,000, kupha 99 pa 100 kumasiya 10,000. Kupha 99.9 pa 100 kumasiya 1,000. Kupha 99.99 pa 100 kumasiya 100. Ofufuza amatcha magawo amenewa log 2, log 3 ndi log 4. Pa njira zoyeretsera madzi pakhomo, WHO imafuna log 4 ya mabakiteriya, log 5 ya mavairasi ndi log 4 ya tizilombo tonga Cryptosporidium kuti njira iikidwe pa mulingo wapamwamba. Kuyambira 2014 WHO ili ndi ndondomeko yoyesa zipangizo zoterezi m'malabotale oima paokha, ndipo zotsatira zake imazifalitsa. Pa zinthu zopaka pamwamba, muyezo wodziwika ndi ISO 27447.

Wina akabwera ndi katundu wotere, mufunseni mafunso awa:

Kodi anayesedwa ndi kuwala kotani, nyale ya UV, dzuwa kapena babu wamba, ndipo kwa maola angati? Kodi kuwala kumeneko kulipo pamalo pamene tikufuna kumugwiritsa ntchito?

Kodi anayesedwa pa tizilombo titi? Ngati ndi E. coli yekha, zimenezo sizitiuza za spores kapena mavairasi.

Kodi anayesedwa m'madzi oyera a mu labotale kapena m'madzi ofanana ndi a kuno? Pa galasi loyera kapena pamalo okhala ndi litsiro?

Kodi poyesapo panali chofananitsira, monga botolo lopanda tinjere loikidwa padzuwa lomwelo? Dzuwa palokha limapha mabakiteriya, choncho popanda chofananitsira sitingadziwe chimene tinjereto tawonjezera.

Kodi anayesa ndani, kampani yomweyo kapena labotale yoima payokha? Kodi a Malawi Bureau of Standards anamuona?

Kodi mphamvu yake imakhala miyezi ingati akamakolopedwa ndi klorini tsiku ndi tsiku, ndipo akasupuka amapita kuti?

Wogulitsa amene katundu wake ndi weniweni savutika kuyankha mafunso amenewa ndi zikalata.

Zoti tichite panopa

Photocatalysis ndi sayansi yeniyeni, yotsimikizika mu labotale kwa zaka pafupifupi 40, ndipo dziko la dzuwa lambiri ngati lathu lili ndi chifukwa chabwino choitsatira. Kumene ikuoneka kuti ingathandize msanga ndi panja, pamene UV ndi wochuluka: pofulumizitsa SODIS, poyeretsa madzi a mvula okololedwa padenga, ndi pochepetsa mabakiteriya osamva mankhwala m'madzi otayidwa kuchokera m'zipatala asanalowe mumtsinje. Ophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku angapeze ntchito yofunika poyesa njirazi ndi madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yathu, m'nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, uthenga wathu kwa anthu sunasinthe. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena WaterGuard pa muyezo woyenera n'kudikira mphindi 30, kapena awiritsidwe, ndipo asungidwe m'chiwiya chovundikira chokhala ndi pakamwa pang'ono kapena mpopi. Kumene klorini wasowa ndipo nkhuni n'zovuta, phunzitsani SODIS molondola: botolo loonekera mkati, madzi osavunduka, maola 6 padzuwa lowala, ndi kumwera m'botolo lomwelo kapena m'kapu yoyera. Pa nthawi ya mliri wa kolera, klorini ndiye woyamba chifukwa cha chitetezo chake chotsalira. Musalole aliyense kuthira ufa wa mtundu uliwonse wosavomerezeka m'madzi akumwa, ngakhale atautcha wamakono.

M'chipatala, ngakhale khoma litapakidwa tinjere ta mtundu wabwino koposa, liyenera kukolopedwabe, chifukwa tinjereto timagwira ntchito pamalo oyera okha. Kusamba m'manja musanagwire wodwala ndiponso mutamugwira, kuyeretsa zipangizo, ndi kupereka mankhwala opha mabakiteriya pokhapokha akufunikadi, ndizo njira zimene umboni wake wopulumutsa odwala tili nawo kale m'manja.